Mafilimu a ukazitape akuti "nkhaniyi inachitikadi": timaonera mbiri kapena akutinamiza?

Mlonda265
Abale ndithandizeni. Mafilimu aja amayamba ndi mawu oti nkhaniyi inachitikadi, makamaka a ukazitape, tiziwakhulupilira mpaka pati? Ndikufunsa chifukwa cha Argo ya Ben Affleck ija ya 2012. Kumapeto kuja asilikali a Iran akuthamangitsa ndege ndi magalimoto pabwalo, mtima uli phaphapha, kenako ukumva kuti zonsezo sizinachitike olo pang'ono, anthu anangokwera Swissair m'mamawa nkumapita ku Zurich. Nde filimu yotereyi mpaka kutenga Oscar? Lachiwiri, pali anzathu amakana filimu chifukwa cha ndale za ekita, wina akuti Sean Penn sindimuonera, wina Gal Gadot ayi, wina Jon Voight ayi. Nzanzeru zimenezi kapena nkungodzimana zabwino?

Tsabola_waKambuzi
Filimu ndi filimu aise. Ukufuna mbiri pita ku laibulale.

KabazaPro
kkkk popanda kuthamangitsana kuja bwenzi tonse titagona. Ndani angawononge bandulo kuti aonere anthu sikisi ataima pamzere kudinditsa mapasipoti

Sir_waHistory
A Mlonda, ine za kuthamangitsa ndege sizindivuta kwenikweni, zija ndi zokometsera ndipo palibe anapwetekeka nazo. Chimandiwawa mu Argo ndi kulanda anthu ntchito imene anagwira okha. Pa 4 Novembala 1979 ana asukulu a ku Iran analanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran, anthu 52 anasungidwa masiku 444. Asanu ndi mmodzi anazemba, ndipo anawabisa pafupifupi miyezi itatu ndi a Canada, kazembe Ken Taylor anasunga awiri, John Sheardown yemwe ankaona za ma visa anasunga anayi kunyumba kwake, iye ndi mkazi wake akudziwa bwinobwino kuti akagwidwa zawo zada. Mu filimu Sheardown mulibemo ndi dzina lomwe. Mapasipoti anali enieni a Canada, boma la ku Ottawa linachita kuvomereza mwachinsinsi. Tony Mendez wa CIA anapitadi ndipo nzeru ya kampani yabodza ya mafilimu inalidi yawo, izo sitikukana, koma anafika kumapeto kwa Januwale 1980 zambiri zitakonzeka kale. Jimmy Carter amene anali pulezidenti nthawi imeneyo ananena yekha filimu itatuluka kuti 90 peresenti ya ntchito inali ya a Canada. Choipitsitsa filimu imati a Britain ndi a New Zealand anawabweza anthu aja pakhomo, pomwe a Britain anawasunga masiku oyamba ndipo a New Zealand anathandiza mpaka tsiku lonyamuka, moti nyumba ya malamulo ya New Zealand inachita kudandaula mu 2013. Kuonjezera magalimoto othamanga ndi nkhani ina, kutenga munthu amene anathandiza nkumusandutsa wamantha ndi nkhani inanso.

Tsabola_waKambuzi
Sir mwalemba ngati tikulemba mayeso mawa

Sir_waHistory
Ukawerenge mwana iwe, sizikupha.

NaPhiri_Leeds
Ndikugwirizana nawo a Sir. Kuno anthu mpaka pano amakwiya ndi U-571 ya 2000, akuonetsa a America akulanda makina a Enigma, obisira mauthenga a nkhondo, pa sitima ya pansi pa madzi ya German, pomwe anachita zimenezo ndi a Britain a sitima ya HMS Bulldog mu Meyi 1941, America isanalowe nkomwe mu nkhondo. Tony Blair anaidzudzula mu palamenti. Koma ine yondinyansa kwambiri ndi The Imitation Game. Akuonetsa Alan Turing atazindikira kuti mnzake John Cairncross ndi kazitape wa Soviet koma nkukhala chete poopa kuti nayenso aululidwa za moyo wake. Cairncross analidi kazitape ku Bletchley Park, kumene a Britain ankamasulira mauthenga obisika a German, koma ankagwira kuchigawo china, palibe umboni woti awiriwa anagwirapo ntchito limodzi. Nde taganizani, munthu boma lake linamuzenga mlandu mu 1952, anamwalira 1954, chikhululukiro chinabwera 2013 ali m'manda kalekale, kenako filimu yoti ikumulemekeza ikumunamizira kuti anabisa kazitape nthawi ya nkhondo. Ndipo a Poland, Marian Rejewski ndi anzake amene anayamba kumasula Enigma mu 1932 nkupatsa a Britain ndi a France zonse mu 1939, amangotchulidwa modutsa basi.

Wa_kuJoni
Koma asisi popanda filimu ija inuyo mukanamudziwa Turing? Tinene zoona. Ambirife tinamumvera momwemo, tinakasaka pa Google titaonera. Bodza pang'ono linatitengera ku zoona.

NaPhiri_Leeds
Achimwene anthu angati amakasaka? Ambiri amathera pa filimu pomwepo nkumakafotokozera anzawo ku bawa ngati anali konko.

Dzungu_Lowola
Ine nanga ndimaonera zomasulira zija, a DJ amaonjezeranso bodza lawo pamwamba pa bodza la Hollywood kkkkk kazitape wa CIA akuti akupita kukagula zibwente

KabazaPro
Zomasulira ndiye zenizeni man, osazinyoza

Gogo_Analog
Ana inu mukudandaula za ndale za ekita, funsani kaye kuti ndalama za filimu zinachokera kuti. Amene munakulira mu vidiyo sho mukuikumbuka Red Scorpion ya Dolph Lundgren, 1988, msilikali wa Soviet wotumidwa kukapha mtsogoleri wa zigawenga mu Africa kenako nkutembenuka kukhala mbali yawo. Tinkaombera m'manja tonse. Anaipanga ndi Jack Abramoff, yemwe uja anadzamangidwa ku America pa nkhani za katangale, mtsogoleri wa zigawenga ujanso anatengera Jonas Savimbi wa UNITA. Amafuna kujambulira ku Swaziland zinakanika, anakajambulira ku Namibia nthawi imene dzikolo linali m'manja mwa boma la tsankho la South Africa, zida ndi magalimoto a nkhondo akubwereka kwa asilikali a boma lomwelo. Ife tili pa benchi tikukuwa kuti ekita safa, osadziwa kuti tikuonera kampeni ya azungu a ku Pretoria. Lundgren ndale zake sindinazifunsepo ndipo sizikanandithandiza kanthu.

Wa_kuJoni
Eee madala apa nde mwandiphera ubwana wanga

Mbewa_Zowamba
Rambo III nayo mesa akumenya nkhondo limodzi ndi ma mujahideen ku Afghanistan, James Bond wa The Living Daylights 1987 chimodzimodzi. Zaka pang'ono kutsogolo anthu a mapiri omwewo asanduka adani mu filimu iliyonse. Mdani amasintha malingana ndi nyengo ya ku Washington.

Nkhwazi77
Tibwerere ku funso lachiwiri. Ine Sean Penn sindimuonera ndipo sindipepesa. Munthu anapita ku Baghdad mu Disembala 2002 Saddam akadali pampando, ankachezera Hugo Chávez ngati m'bale wake, 2015 anakacheza mobisa ndi El Chapo apolisi akumusaka. Ndikamuona pa sikirini sindiona kalikonse koma Penn akundilalikira. Fair Game ndinaisiya pakati.

MaiAwiri
Inu mukamagula nyama pa msika mumayamba mwafunsa wogulitsa kuti amavotera chipani chanji?

Nkhwazi77
Mayi nyama siyankhula. Filimu imayankhula.

Kalulu_Mjomba
A Nkhwazi pamenepa muli ndi mfundo koma Fair Game mwaitaya msanga. Nkhani yake ndi yoona mbali yaikulu. Joe Wilson anatumidwa ndi CIA ku Niger mu Febuluwale 2002 kukafufuza ngati Iraq imagula uranium kumeneko, anabwerako nkunena kuti nzokayikitsa, Bush anakanenabe za uranium ya ku Africa mu Januwale 2003. Wilson analemba mu New York Times pa 6 Julayi 2003, pa 14 Julayi mtolankhani Robert Novak anaulula kuti mkazi wake Valerie Plame ndi wa CIA, ntchito yake inathera pomwepo. Scooter Libby wa mu ofesi ya Cheney, wachiwiri kwa Bush, anapezeka wolakwa mu 2007 pa kunama ndi kusokoneza kafukufuku. Pamene filimu inakhotetsa ndi poti inaika maso onse pa Libby ndi White House, pomwe amene anayamba kumuuza Novak dzina lija ndi Richard Armitage wa ku State Department, anavomera yekha mu 2006. Nde inde ndale za opanga zikuoneka, koma zikuoneka pa zimene anasankha kusiya, osati chifukwa Penn anajambulitsa chithunzi ndi Chávez. Mukanaika ekita wina sikiripiti ikanakhala yomweyo.

Nkhwazi77
Ekita wina sakanavomera sikiripiti imeneyo. Amasankhana okhaokha.

Tsabola_waKambuzi
Penn yemweyo anakapatsa Zelensky Oscar yake mu 2022, nde a Nkhwazi pano ali mbali yanu kapena? kkkk

Nkhwazi77
Ndilibe mbali ine

Tsabola_waKambuzi
Onse amene ali ndi mbali amatero

Ukhti_waMangochi
Ine ndinene zanga mosabisa. Heart of Stone ya pa Netflix sindinaionere ndipo sindidzaionera, Gal Gadot anagwira zaka ziwiri mu gulu la nkhondo la Israel ndipo amaliikira kumbuyo poyera. Ndi zimene zikuchitika ku Gaza sindingakhale pansi kumamuombera m'manja akupulumutsa dziko. Sindikuletsa wina, ndalama ndi maso ndi zanga. Lebanon inaletsa Wonder Woman dziko lonse mu 2017, ine sindikupempha zimenezo, ndikungosankha ndekha.

Mbewa_Zowamba
Koma asisi ku Israel usilikali ndi wokakamiza, mtsikana wa zaka 18 amapita afune asafune. Mumuda munthu chifukwa cha lamulo la dziko lake?

Ukhti_waMangochi
Kupita anakakamizidwa, zimene amalankhula lero sakakamizidwa.

Mlevi_waChoona
Nanga The Spy ya Sacha Baron Cohen, ya Eli Cohen uja ananyongedwa ku Damascus mu 1965, kwa a Israel ndi ngwazi kwa a Syria ndi mthirakuwiri, nkhani imodzi yomweyo. Mafilimu a ukazitape onse amakusankhira mbali usanakhale pansi, kazitape wathu ndi wolimba mtima, wa enawo ndi njoka. Munich ya Spielberg anayesa kuonetsa kuti a Mossad, akazitape a Israel, obwezera imfa za anthu 11 a ku Olympics ya 1972 ankavutika mumtima, koma zoti ku Lillehammer ku Norway mu 1973 anapha munthu wolakwika, Ahmed Bouchikhi wa ku Morocco amene ankangogwira ntchito yoperekera zakudya, akuyenda ndi mkazi wake woyembekezera, sizili mu filimu. Cholakwa chachikulu pa ntchito yonseyo nkuchidumpha.

KabazaPro
Ine bola Steven Seagal basi, ndale sindizidziwa

Dzungu_Lowola
kkkkkk man mwasankha yemweyo. Seagal anapatsidwa pasipoti ya Russia ndi Putin pamanja mu 2016, Ukraine inamuletsa kulowa dziko lawo 2017, mu 2023 anapatsidwanso mendulo ku Moscow

KabazaPro
Aaa. Komabe amathyola manja bwino

Gogo_Analog
Apa ndi pamene ndimaseka. Aliyense amanyanyala ekita amene samamukonda kale. Wokonda Seagal apeza chifukwa chomukhululukira, wodana ndi Trump asiya Jon Voight koma Mission Impossible yoyamba ya 1996 aioneranso ikabwera pa TV, wodana ndi Jane Fonda akumbutsa za Hanoi 1972 mpaka lero mayi uja ali ndi zaka zoposa 80. Ndipo musaiwale kuti zonyanyalazi zikakula zimafika pena. Ku America komweko kuyambira 1947 olemba mafilimu ndi ma ekita ankaitanidwa ku komiti ya nyumba ya malamulo kukafunsidwa ngati ndi achikomyunisiti, okana kuyankha ena anamangidwa, ambiri ntchito inatha zaka ndi zaka, Charlie Chaplin anamutsekera khomo mu 1952 ali pa sitima yopita ku London. Ife a nthawi ya Censorship Board tikudziwa mmene zimakhalira wina akamakusankhira zoonera.

Ukhti_waMangochi
Agogo boma kuletsa ndi ine kusankha ndekha si chinthu chimodzi, musaziphatikize.

Gogo_Analog
Sindinakane mwanawe. Ndikungoti anthu ankaulula anzawo ku komiti ija chifukwa makampani ankaopa makasitomala onyanyala, sikuti boma linkachita lokha.

Nesi_waNight
Ndalowa mochedwa, ndili pa shifiti. Palibe watchula Zero Dark Thirty? Imeneyo kwa ine ndiye yoopsa kuposa zonse mwatchulazi chifukwa bodza lake lili ndi ntchito. Imakusiya ukukhulupilira kuti kuzunza akaidi, kuwathira madzi kumaso kuja, ndi kumene kunathandiza kupeza mthenga wa bin Laden mpaka kukafika ku Abbottabad pa 2 Meyi 2011. Maseneta atatu, Feinstein, Levin ndi John McCain, analembera kampani ya Sony mu Disembala 2012 kuti zimenezo sizoona, ndipo McCain anali munthu woti anazunzidwapo yekha ali mkaidi ku Vietnam, komanso wa chipani cha Bush, simunganene kuti ndi ndale. Lipoti la Senate la 2014 linanenanso zomwezo, kuti mfundo zofunika zinapezeka mwa njira zina. CIA mbali yawo amatsutsa zina, chabwino, koma filimu inayamba nkunena kuti yachokera kwa anthu amene analipo, ndipo opanga anathandizidwa ndi CIA yomweyo. China chimene chimandipweteka ngati wa zaumoyo, CIA inagwiritsa ntchito dokotala Shakil Afridi kupanga kampeni yabodza ya katemera wa hepatitis kuti apeze magazi a ana a m'nyumba ija. Zitaululika zigawenga zinapeza chonamizira, opereka katemera wa poliyo ku Pakistan anayamba kuwomberedwa, ambiri azimayi ongoyenda khomo ndi khomo ngati mmene timachitira ife. Mu 2014 White House inalonjeza kuti sadzagwiritsanso ntchito katemera pa ukazitape. Mu filimu nkhani ya dokotala imangodutsa kamphindi, zotsatira zake mulibe. Ndipo mukumbuke poliyo anapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu 2022 uja, atamuyeza anapeza kuti ndi mtundu wochokera ku Pakistan, nde musamaone ngati nkhani zimenezi zili kutali.

MaiAwiri
Eish izi sindimazidziwa. Komabe anesi simunganene kuti poliyo wa ku Lilongwe anabwera ndi CIA

Nesi_waNight
Sindinatero mayi. Ndati poliyo akakanika kutha kwina amayenda, ndipo chimodzi mwa zimene zinasokoneza katemera kumeneko ndi chimenecho.

Sir_waHistory
Kuonjezera pa za anesi, CIA ili ndi ofesi yogwira ntchito ndi a mafilimu kuyambira 1996. Amawerenga sikiripiti, amapereka malangizo, akakondwa amakulola kujambula ku likulu lawo ku Langley, ndipo Argo inajambulidwako. Jennifer Garner wa Alias anachita kupanga vidiyo yoitanira anthu ntchito ku CIA mu 2004. Oscar ya Argo analengeza ndi Michelle Obama ali ku White House. Sindikuti panali chiwembu, ndikungoti ife tili kalikiliki kufufuza zimene ekita analemba pa Twitter pomwe bungwe limene filimu ikulitamanda linali nawo pa tebulo polemba.

Nkhwazi77
Nde mukuvomereza zanga kuti Hollywood ndi ndale zokhazokha

Sir_waHistory
Ayi, inu mukuti ndale zili pa nkhope ya ekita, ine ndikuti zili mu sikiripiti ndi mthumba la wolipira.

Chipata_Boy
Imwe a ku Malawi mukamba za Tehran na Berlin, ife kuno tili na nkhani yathu yamene sinathe mpaka lelo. Dag Hammarskjöld mkulu wa UN anafera pa Ndola mu Seputembala 1961, ndeke inagwa usiku akupita kukakumana na Tshombe wa Katanga, anthu 16 onse anafa. A Rhodesia anakamba ati ni pailoti analakwitsa, anthu ooca malasha amene anaona ndeke ina kumwamba sanawamvele cifukwa ni anthu akuda. UN inatsegulanso nkhani, jaji Othman wa ku Tanzania akali kupempha America na Britain mapepala ao. Iyi ndiye filimu ya ukazitape yamene nifuna, koma niopa akaipanga azaika mzungu mmodzi wa CIA kukhala ngwazi, ooca malasha azakhala ongothamanga kumbuyo.

Wa_kuJoni
Kuno nako zilipo zambiri. Craig Williamson analowelera magulu olimbana ndi tsankho zaka zambiri ali wapolisi, bomba la mu kalata limene linapha Ruth First ku Maputo mu 1982 linachokera kwa iye, anakapempha chikhululukiro ku TRC, komiti yofufuza milandu ya nthawi ya tsankho, nkupatsidwa. Za kumangidwa kwa Mandela pafupi ndi Howick mu 1962, Donald Rickard amene anali ku ofesi ya America ku Durban anavomera asanamwalire mu 2016 kuti ndi iye anatsina khutu apolisi. Imeneyo Hollywood siijambula msanga.

Mphwanga_waMwanza
Nanga kwathu? Attati Mpakati bomba la mu kalata linamudula zala ku Maputo 1979, kenako anapezeka ataphedwa ku Harare 1983. Chaka chomwecho a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga, boma linati ngozi ya galimoto ku Thambani, komiti yofufuza itabwera matipate inapeza kuti anaphedwa ndi apolisi, mlandu wa 1995 akuluakulu onse anapezeka osalakwa. Tsono a Tsabola amene mukuti filimu ndi filimu, wina atapanga filimu ya Mwanza nkulemba kuti inachitikadi, nkuikamo kuti mmodzi mwa anayiwo ndi amene anapereka anzake kuti nkhani ikome, ana awo ali moyo akuonera, mudzanenabe kuti pitani ku laibulale?

Tsabola_waKambuzi
Imeneyo ndi nkhani ina akulu

Mphwanga_waMwanza
Ndi ina chifukwa ndi yakwanu. Sheardown nayenso anali ndi banja.

Admin_Chule
Abale ndale za kumudzi tizisiye pompo zisanatenthe, tinagwirizana kale. Tibwerere ku mafilimu.

Dzungu_Lowola
A Admin afika ngati Special Branch kkkk

Kalulu_Mjomba
Vuto lina ndi loti ukazitape weniweni ndi wotopetsa kuonera. Ndi kuwerenga mafayilo, kudikira munthu pa benchi osabwera, kumwa mowa ndi munthu amene ukumunamiza kwa zaka. Kim Philby sanathamangitsidwepo padenga la sitima, ankangopita ku ofesi ya MI6, bungwe la ukazitape la Britain, nkumapereka mapepala ku Moscow, pamapeto pake anathawa kuchoka ku Beirut kupita ku Moscow komweko mu 1963. Aldrich Ames wa CIA amene ankagulitsa zinsinsi ku Moscow anagwidwa 1994 mwa zina chifukwa anagula nyumba ya madola 540,000 kashi ndi Jaguar pa malipiro a boma, owerengera ndalama ndi amene anamutsata. Melita Norwood anali sekilitale chabe ku London, anapereka zinsinsi za bomba la atomiki kwa a Soviet, anadzaululika 1999 ali gogo wa zaka 87, koma mu Red Joan anamusandutsa katswiri wa sayansi wa ku Cambridge wokopeka ndi chibwenzi, pomwe mayi uja anali wachikomyunisiti wa mumtima ndipo sanapepese. Bola iwo anasintha dzina. Alex Younger ali mkulu wa MI6 ananena mu 2016 kuti James Bond sangalembedwe ntchito kwawo. Chodabwitsa nchoti Tinker Tailor Soldier Spy, imene ndi nkhani yopeka, ili pafupi ndi zoona kuposa ambiri olembedwa kuti zinachitikadi, chifukwa John le Carré anagwirapo ku MI5 ndi MI6.

KabazaPro
Tinker Tailor ndinagona ine. Azibambo ovala majekete akungoyang'anana

MaiAwiri
kkkkk ndi Gary Oldman akupukuta magalasi basi

Mlonda265
Nde palibe olo imodzi imene inayesetsa? Ndikufuna ya weekend ino.

NaPhiri_Leeds
Official Secrets ya 2019, Keira Knightley. Katharine Gun anali womasulira Chitchaina ku GCHQ, bungwe la Britain lomvetsera mauthenga mobisa, mu 2003 anaona kalata ya anzawo a ku America a NSA yopempha thandizo kuti azimvetsera mafoni a mayiko a mu Security Council amene mavoti awo ankafunika pa nkhondo ya Iraq, mwa iwo Angola, Cameroon ndi Guinea. Anaitulutsa, The Observer inasindikiza mu Malichi, anamuzenga mlandu koma mu Febuluwale 2004 boma linangouthetsa m'khoti osapereka umboni. Dayilekita wake Gavin Hood ndi wa ku South Africa, wa Tsotsi uja. Mulibe mfuti, koma simugona.

Nkhwazi77
Inanso yodana ndi nkhondo ya Iraq. Mukuona zimene ndikunena?

NaPhiri_Leeds
Achimwene kalatayo inalipo kapena kunalibe? Tiyambire pamenepo.

Sir_waHistory
Bridge of Spies a Mlonda. Mafupa a nkhani ndi oona, Rudolf Abel anagwidwa ku New York 1957, loya James Donovan anamuimira mpaka ku Supreme Court nkuluza 5 kwa 4, ndege ya U-2 ya Gary Powers inagwetsedwa pa 1 Meyi 1960, anasinthana pa mlatho wa Glienicke pa 10 Febuluwale 1962, mwana wasukulu Frederic Pryor anamasulidwa ku Checkpoint Charlie tsiku lomwelo. Zoti nyumba ya Donovan inaomberedwa ndi zoti anyamata anamulanda jasi ku East Berlin ndi zokometsera. Komanso amamuonetsa ngati loya wamba wa inshuwalansi, pomwe anagwirapo ku OSS, bungwe la ukazitape la America CIA isanabadwe, ndi ku milandu ya Nuremberg. Koma palibe amene analandidwa ulemu wake, ngakhale kazitape wa Soviet anamupatsa umunthu.

Mlevi_waChoona
Sir palibe bwanji? Pryor anali moyo filimu ikutuluka, sanamufunse kalikonse, anakaonera yekha ngati wina aliyense nkupeza amupatsa chibwenzi cha ku German chimene kunalibe ndi kamangidwe kena kosiyana ndi mmene anamangidwira. Loya wa ku East Germany Wolfgang Vogel naye Pryor ananena kuti anamuipitsa. Nde muyezo wanu uja wa Sheardown ukugwira kwa Affleck yekha, kwa Spielberg ndi Tom Hanks ayi?

Sir_waHistory
Chibwenzi chabodza sichifanana ndi kufufutidwa mu nkhani, koma za Vogel tikhoza kukangana.

Mlevi_waChoona
Tikangane. Kapena Hanks mumamukonda kale ngati mmene a Kabaza amakondera Seagal

KabazaPro
Musandilowetse ine, ndili pa siteji ndikudikira kasitomala